Zolemba za unika, kachida kofufuza metadata ya ext4

Loweruka usiku

Ndayamba kulemba izi chifukwa ndimadzidziwa, pakatha mwezi ndikhala nditaiwala chifukwa chomwe ndinapangira zinthu mmene ndazipangiramu. Kuntchito tili ndi timakompyuta ta Raspberry Pi tingapo ndi seva imodzi yokalamba, zonse za Linux, zonse pa ext4, filesystem yomwe imasanja mafayilo pa disiki, ndipo metadata ndi mapu ake osonyeza pomwe chilichonse chili. Magetsi akathima mwadzidzidzi, nanga batire la UPS linatopa kalekale, funso limakhala limodzi lomwelo: kodi disiki ija ili bwino? Makina amadzuka ndithu, koma kudzuka si kuchira.

Wina afunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito `e2fsck -n`, chida chodziwika kale chofufuzira ext4, ndipo akunena zoona, e2fsck ndi ya akuluakulu, Theodore Ts'o ndi anzake akhala akuisula kwa zaka zambirimbiri ndipo ine sindingayerekeze kupikisana nayo. Koma zomwe imalemba ndi zoti munthu awerenge ndi maso, pomwe ine ndikufuna JSON yoti script itole nkutumiza uthenga pafoni. Ndikufunanso fayilo imodzi yokha yoti ndingoikopera pa Pi basi. Chifukwa chachitatu, ndisabise, ndikufuna kumvetsa zomwe zili mkatimo. Nde kachida kanga ndikalemba m'chilankhulo cha Go, `GOARCH=arm64` nkukompayila pa laputopu pompano. Dzina ndi `unika`.

Lamulo limodzi lomwe sindisintha: kachidaka kazingowerenga. Kutsegula ndi `O_RDONLY`, palibe kukonza kalikonse. Kokonza kuli eni ake.

Lamlungu

Superblock, yomwe imasunga mbiri ya filesystem yonse, ili pa byte 1024 kuchokera koyambirira kwa partition, ndipo ndi ma byte 1024. Pa 0x38 pali magic, nambala yozindikiritsa filesystem, 0xEF53, ndinaipeza ulendo woyamba, ndinasangalala ngati ndamaliza ntchito yonse kkk. Checksum, nambala yotsimikizira kuti ma byte sanasinthe, ili kumapeto kwenikweni pa 0x3FC, ndipo imawerengedwa pa zonse zomwe zili kutsogolo kwake.

Apa mpamene ndinataya masana onse. Ndapanga image, fayilo yoimira disiki, ya 1 GiB ndi `truncate` kenako `mkfs.ext4`, yatsopano yosakhudzidwa ndi aliyense, `unika` akuti superblock ndi yoonongeka. Cholakwa choyamba chinali changa chopusa, ndinatenga CRC32 wamba ya zlib ija, pomwe ext4 imafuna CRC32C ya Castagnoli, polynomial yake ndi ina, 0x82F63B78 osati 0xEDB88320. Ndasintha, nkukanikabe. Ndinayang'anitsitsa manambala awiriwo, yanga ndi ya pa disiki, mpaka ndinaona kuti pomwe yanga ili ndi F inayo ili ndi 0, pomwe yanga ili ndi A inayo ili ndi 5. Ndiye kuti ma bit onse atembenuzika. Kernel imayamba ndi 0xFFFFFFFF koma pomaliza siitembenuza, pomwe `crc32.Update` ya Go imatembenuza polowa ndi potuluka pomwe. Mankhwala ake ndi mzere umodzi:

`^crc32.Update(^seed, tab, buf)`

Maola anayi pa tizizindikiro tiwiri. Bola ndaziika mu function imodzi, sindidzaganizanso za izi.

Lachiwiri

Ma group descriptor, timbiri tofotokoza gulu lililonse la ma block. Image yanga ili ndi ma block 262144 a 4 KiB, gulu lililonse ma block 32768, nde magulu ndi 8. Descriptor iliyonse ndi ma byte 64 ngati 64bit yayatsidwa, apo ayi 32, ndipo kukula kwake kumawerengedwa pa 0xFE mu superblock. Checksum yake ndi ya ma bit 16 okha, pa 0x1E, umasakaniza seed (nambala yoyambira masamu a checksum), nambala ya gululo, kenako descriptor yonse koma malo a checksum utaikapo ziro. Izi zinayenda bwinobwino mpaka ndinayamba kukayika.

Kukayikako kunathandiza, ndinapanga image ina ndi `-b 1024` ndipo zonse zinagwa. Block ikakhala 1 KiB superblock imakhala mu block 1 osati 0, nde ma descriptor amayambira block 2, ine ndinali nditalemba 1 mu code ngati lamulo la Mose. Pano ndikuwerenga `s_first_data_block` nkuonjezera 1. Ma backup nawonso amasuntha, yoyamba imakhala pa 8193 m'malo mwa 32768.

Ma backup superblock ali m'magulu 1 ndi ma power a 3, 5 ndi 7, kwa ine ndi block 32768, 98304, 163840, 229376, manambala omwe `mkfs` imalemba aja ife nkumangowadutsa. Poyamba ndinkafanizira backup ndi yaikulu byte ndi byte, zosathandiza, chifukwa ma backup sasinthidwa nthawi zonse. Ma block otsala, nthawi ya mount yomaliza (kulumikiza disiki kuti igwiritsidwe ntchito), zonsezo zimakhala zakale, komanso iliyonse imalemba nambala ya gulu lake pa 0x5A. Nde ndikungofanizira zomwe siziyenera kusiyana: kukula kwa block, ma block pa gulu, ma inode pa gulu (inode ndi kambiri ka fayilo imodzi), UUID (nambala yozindikiritsa filesystem iliyonse payokha).

Lachinayi

Ma bitmap, omwe amasonyeza ma block ndi ma inode omwe akugwiritsidwa ntchito, atha, panalibe zovuta kupatula kudumpha magulu omwe ali ndi BLOCK_UNINIT kapena INODE_UNINIT, chifukwa bitmap yawo sinalembedwe nkomwe. Exit code ndatengera za fsck: 0 zili bwino, 4 pali zolakwika zomwe sizinakonzedwe, 8 chida chalephera kugwira ntchito. Sindinaone chifukwa chopekera zanga.

Loweruka, mmawa mpaka madzulo

Lero linali tsiku la ma inode ndipo ndalemba zambiri chifukwa ndi pomwe ndaphunzira kuti vuto la chida chonga ichi si kupeza zolakwika ayi, vuto ndi kusanamizira disiki yabwinobwino.

Inode iliyonse ili ndi seed yakeyake. Umatenga seed ya filesystem, kusakaniza nambala ya inode, kenako `i_generation` ya pa 0x64, ukatero ndiye nkuwerenga inode yonse ya ma byte 256. Checksum yagawidwa pawiri, theka lapansi pa 0x7C, lapamwamba pa 0x82, ndipo lapamwambalo limakhalapo pokhapokha `i_extra_isize` ikhale yokwana. Chomwe chandisangalatsa nchakuti nambala ya inode ili mkati mwa masamuwo, ndiye kuti disiki ikalemba block yabwinobwino koma pamalo olakwika, checksum imakana. Anaganiza bwino anthuwa. Metadata checksum inalowa mu kernel pa Linux 3.5 mu 2012, ntchito ya Darrick J. Wong, yemweyonso ndi mwini wa `xfs_scrub` ku mbali ya XFS, filesystem ina.

Pa image yanga ma inode onse 65536 anadutsa, kupatula kuti opanda kanthu aja, a ziro okhaokha, ndimawadumpha. Ndinatenga flash yakale yomwe ndinaifomata dzana, kuyesa, aaa, zolakwika masauzande, sikirini kumangothamanga. Mtima unagunda, ndimati flash yafa. `e2fsck -fn` akuti palibe vuto.

Nkhani yake ndi `lazy_itable_init`. Pofomata, `mkfs` siipukuta ma inode table onse, imasiya kuti kernel idzapukute pang'onopang'ono ukapanga mount. Flash yanga ndinangoifomata nkuizula, nde m'malo a ma inode munali zinyalala za zomwe zinalimo kale, ine nkumaziwerenga ngati ma inode enieni. Pa image sindinazione chifukwa fayilo ya `truncate` imabadwa ili ziro yokhayokha. Yankho lili mu descriptor momwemo, `bg_itable_unused` pa 0x1C imanena kuti ndi ma inode angati akumapeto omwe sanagwiritsidwepo ntchito, amenewo osawakhudza.

Kuyambira lero ma image oyesera ndiziyamba ndawadzaza ndi `/dev/urandom` ndisanafomate. Image yoyera imabisa zambiri.

Ndinakhala kaye pansi nkuganiza, chikanakhala kuti kachidaka kali kale pa ma Pi aja nkutumiza uthenga usiku kuti disiki yaonongeka, mnzanga yemwe amayang'anira makinawo akanadzuka, kukwera kabaza mmawa, kukapeza zonse zili bwino. Kachiwiri akanapitanso mwina. Kachitatu akanangozimitsa ma notification, ndipo sindikanamuimba mlandu. Nde ndaonjezera chinthu mu malipoti: mzere uliwonse uzikhala ndi `zoipa`, `zokayikitsa` kapena `sindinaone`. Chachitatucho ndichofunika kwambiri, chida chikakumana ndi feature yomwe sichikuidziwa, monga `meta_bg` kapena `bigalloc`, chinene poyera kuti apa sindinaone, osati kulota.

Lolemba

Sindinagwire kanthu, magetsi kunalibe kuyambira masana ndipo laputopu yanga batire lake ndi la mphindi zowerengeka. Ndinangolemba papepala mndandanda wa ma feature flag oti ndiwazindikire.

Lachitatu

Bug yokoma. Ma SD card a ma Pi timawapanga pokopera image imodzi, kenako `tune2fs -U random` kuti UUID isafanane. Ndatenga card imodzi yotere, superblock yadutsa, koma china chilichonse, ma descriptor, ma bitmap, ma inode, zonse zakana. Zonse ndithu. Zikakana zonse chonchi ndadziwa tsopano kuti wolakwa ndine.

Seed ya filesystem ndinkaiwerengera kuchokera ku UUID ya pa 0x68, zomwe ndi zoona pa ma filesystem akale. Koma pali feature ya `metadata_csum_seed`, flag 0x2000 mu incompat (mndandanda wa ma feature mu superblock), yomwe imasunga seed payokha pa 0x270, cholinga chake nchoti usinthe UUID popanda kulembanso checksum ya chilichonse pa disiki. Kuyambira e2fsprogs 1.47.0 ya 2023 imayatsidwa yokha ukamafomata. Chomwe chinandipusitsa nchakuti pa filesystem yongofomata kumene seed yosungidwayo ndi yofanana ndendende ndi yochokera ku UUID, nde code yolakwika imadutsa mayeso onse mpaka tsiku lomwe wina wasintha UUID. Superblock inadutsa chifukwa iyo siigwiritsa ntchito seed imeneyi.

Mizere itatu yakonza. Ndaonjezera image yachisanu ndi chimodzi m'mayeso, yosinthidwa UUID.

Lachisanu usiku

Ma extent, omwe amaloza ma block a fayilo, ndi ma directory. Extent header imayamba ndi 0xF30A. Mkati mwa inode muli malo a ma byte 60, header 12 ndi ma entry anayi a 12, amenewa alibe checksum yawoyawo poti ya inode ija yawaphimba kale. Fayilo ikakula nkufuna block yapadera ya ma extent, mu 4 KiB mumalowa ma entry 340 ndipo ma byte 4 otsala kumapeto ndiwo checksum, masamu ake amakwana ndendende, 12 kuphatikiza 4080 kuphatikiza 4.

Ndinagwanso mu dzenje laling'ono, symlink (fayilo yongoloza fayilo ina) yaifupi imasunga njira yake m'ma byte 60 omwewo, nde ine ndinkawerenga malemba ngati `../lib` nkumati header yaonongeka. Kuyang'ana kaye flag 0x80000 ndisanayambe, basi.

Ma directory block ali ndi kachinyengo kabwino: kumapeto kuli entry yabodza ya ma byte 12, inode 0, file type 0xDE, mkati mwake ndi momwe muli checksum. Code yakale yomwe siidziwa za checksum imangoiona ngati malo opanda kanthu nkudutsa. Ma directory akuluakulu a htree, aja okhala ndi index yofulumizitsa kusaka, ali ndi mchira wamtundu wina m'ma index block awo, umenewo sindinaupange, pakadali pano akulembedwa `sindinaone`.

Loweruka

Tsiku loononga dala. Njira yoyamba ndi `dd` ndi `conv=notrunc`, kusintha byte imodzi pamalo omwe ndasankha, kenako kuona ngati `unika` aloza malo omwewo. Superblock, descriptor, bitmap, inode 2 ya root, block ya `lost+found` yomwe ndi inode 11, zonse wazigwira ndipo akutchula gulu ndi block yolondola.

Njira yachiwiri ndi yomwe yandichotsa matama. Ndinalowa `debugfs -w`, chida chosinthira metadata pamanja, nkulemba `sif <12> links_count 5`, kutanthauza maina asanu, pa fayilo yomwe ili ndi dzina limodzi lokha. `unika` akuti zonse zili bwino, exit 0. Eetu, chifukwa debugfs ikalemba inode imawerengeranso checksum yatsopano, nde bodza lija lasindikizidwa chidindo chovomerezeka. `e2fsck` analigwira pa Pass 4 pomwe amawerenga ma reference count. Checksum imangokuuza kuti zomwe zinalembedwa ndi zomwe wawerenga, siikuuza kuti wolembayo anali bwinobwino m'mutu. Bug ya mu kernel kapena RAM yodwala ikaononga zinthu checksum isanawerengedwe, chidindo chimakhalapo ndithu.

Nde funso, ndilembe ma pass onse asanu a e2fsck? Ayi. Imeneyo ndi ntchito ya zaka ndipo ndikanangopanga e2fsck yoipa. Ndasankha zochepa zotchipa: extent isaloze kunja kwa filesystem, block yomwe fayilo ikuti ndi yake ikhale yolembedwa mu bitmap, ma block otsala mu descriptor agwirizane ndi ma ziro a mu bitmap, ndi links_count ija poti yandichititsa manyazi. Ya links_count ikufuna kuyenda ma directory onse nkusunga kauntala ya inode iliyonse, pa Pi ya RAM yochepa ndiyenera kusamala, mwina ma byte awiri pa inode mu slice imodzi osati map.

Lachiwiri

Mnzanga uja anaiyesa pa seva, pa `/dev/sda2` ili pa mount, anthu akugwira ntchito. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, "achimwene, chida chanu chikuti bitmap yaonongeka, ndiyambe kulira?" Atayesanso kachiwiri cholakwika chinasamukira gulu lina, kachitatu kunalibe.

Apa palibe bug yoti ndikonze, ndi mmene zinthu zilili. Ndikawerenga descriptor, kenako kernel nkusintha bitmap ndisanafikeko, ziwirizo sizingagwirizane. Anthu a e2fsprogs anazithetsa ndi `e2scrub` yomwe inabwera mu 1.45 mu 2019, imapanga snapshot ya LVM, kope losasintha la disiki pa nthawi imeneyo, nkufufuza snapshot yo. A XFS anapita kutali, kufufuzako kumachitikira mkati mwa kernel momwe angathe kutseka zinthu bwinobwino, `xfs_scrub` imangoitana. Ine ndilibe zonsezo, ma Pi athu alibe LVM. Nde `unika` tsopano amayang'ana `/proc/self/mountinfo`, akapeza kuti device ili pa mount yolembeka amakana, exit 8. Pali `--kakamiza` kwa ofuna, koma chilichonse chopezeka pamenepo chimatsika kukhala `zokayikitsa`.

Zofanana ndi izi ndi flag ya `needs_recovery`, 0x4 mu incompat, yomwe ndi nkhani yathu yeniyeni ya magetsi ija. Makina akazima mwadzidzidzi zosintha zomaliza zimakhala mu journal, pomwe ext4 imayamba yalemba zosintha isanaziike pamalo ake, inode 8, zina zafika kale pamalo ake zina ayi, nde ukafufuza journal isanabwezeredwe upeza zosagwirizana zomwe kernel ikanazikonza yokha pa mount yotsatira. Ndinasuzumirako mu journal kuti mwina ndiziwerenga ndekha, magic yake ndi 0xC03B3998 ndipo ndi big-endian pomwe ext4 yonse ndi little-endian, ndinatseka fayilo nkukamwa tiyi. Pakadali pano akaona flag imeneyi amafufuza superblock yokha nkunena kuti journal ikudikira.

Izi zasintha pomwe chidachi chizigwirira ntchito. Pa ma Pi partition ya data ndi yosiyana ndi ya root, nde pa boot: mount kuti journal ibwezeredwe, umount, `unika`, kenako mount yeniyeni. Unit ya systemd ndailemba koma sindinaiyese.

Mnzanga uja anandifunsanso ngati lipoti labwino la `unika` likutanthauza kuti ma PDF ndi zithunzi za mu seva zili bwino. Ayi akulu. ext4 ilibe checksum ya zomwe zili mkati mwa fayilo, imateteza mapu okha osati katundu. Btrfs ndi ZFS ndi zomwe zimachita zimenezo. Ndalemba chiganizo chimenechi pamwamba penipeni pa README ndi zilembo zakuda, chifukwa ndikudziwa kuti bwana akadzaona mawu obiriwira pa sikirini adzati backup njosafunikanso.

Lachinayi

Liwiro. Ndinkawerenga inode imodziimodzi ndi `ReadAt`, pa SSD sizimaoneka koma pa SD card zinali ngati kutunga madzi ndi supuni. Pano ndikuwerenga inode table ya gulu lonse kamodzi, ma inode 8192 a ma byte 256 ndi 2 MiB, ndipo `flex_bg` imaika ma table a magulu oyandikana pamodzi nde kuwerengako kumangotsatana. CRC si vuto nkomwe, Go imagwiritsa ntchito instruction ya SSE4.2 pa laputopu.

Lamlungu madzulo

Mu kabati ya kuntchito muli kabokosi ka ma SD card omwe tinawachotsa chifukwa "ankavuta", palibe yemwe anafufuza kuti ankavuta chani. Ndabwera nawo kunyumba. Ambiri adutsa, kutanthauza kuti mwina vuto linali charger kapena china, tinawataya ulele.

Imodzi yakana: ma inode 16 otsatizana, checksum zonse zolakwika, ena onse ali bwino. Mwachizolowezi ndinayamba kusaka cholakwa changa, seed, flag, kaya chani. Kenako ndinawerengera, 16 kuchulukitsa 256 ndi 4096, block imodzi yathunthu. Ndinaitulutsa ndi `dd` nkuiona mu `xxd`, mulibe inode mmenemo, muli mizere ya log ya pulogalamu yathu, madeti ndi mawu owerengeka bwinobwino, zakhala pakati pa inode table. Kaya card inalemba pamalo olakwika kaya ikuwerenga polakwika, koma block imeneyo si ya pamenepo. `e2fsck -fn` wadandaulanso za ma inode omwewo.

Ndi koyamba `unika` kunena kuti pali vuto ndipo vutolo nkukhala la disiki osati langa. Ndatenga metadata yake ndi `e2image -r` kuti ilowe m'mayeso, card yo ndaimata tepi yofiira.

Chomwe ndaona nchakuti lipoti linatulutsa mizere 16 yosiyana pomwe vuto ndi limodzi, munthu wowerenga pafoni angaganize kuti zaonongeka zambiri. Ndiziphatikiza, ma inode onse a block imodzi akakana uzikhala mzere umodzi wotchula block yo. Ndichita zimenezo mawa, kenako mchira wa htree, kenako links_count, ndipo unit ya systemd ija ndikaiyesa Lachitatu pa Pi ya pa tebulo langa pozula chingwe cha magetsi ndi dzanja ili mkati molemba.